Za Akavalo Amphongo Oyendayenda a ku Clydesdale

Owerenga athu onse adziwa mzinda wa Blantyre, ndipo ambiri adziwanso kuti dzinali linacokera ku mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira m'caka ca 1813. Mudzi umenewo uli m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, m'boma la Lanarkshire, ndipo cigwa ca mtsinjewo cichedwa Clydesdale. M'cigwa comweco munaturuka mtundu wa akavalo akuru okoka makasu ndi magareta, amene anatenga dzina la kwaoko, namveka m'maiko ambiri. Mwezi uno tifuna kufotokoza mbiri ya akavalo amenewa, makamaka ya amphongo ao, ndi njira imene alimi anapeza yakuti mphongo imodzi yabwino ibereketse akavalo akazi a dera lonse. Pakuti mtundu umenewu sunakulire m'khola la boma ai. Unakulira pa miseu ya kumidzi, mwa nzeru ya alimi wamba amene anasonkha ndalama caka ndi caka, nabwereka pamodzi cimene ali yense payekha sakadakhoza kugula.

Tiyambe ndi kufunsa cifukwa cace alimi anafuna kavalo wotere. Kufikira pakati pa zaka za m'ma 1700, minda ya ku Scotland inalimidwa ndi khasu lalikuru lamtengo, lolemera ndi lobvuta kuliongolera. Polikoka anamanga ng'ombe 8, kapena ng'ombe ndi akavalo ang'ono pamodzi, ndipo panafunika anthu atatu kapena anai, wina wogwira khasu, wina wokusa ng'ombe, wina wophwanya zibuma m'mbuyo. Koma m'zaka za m'ma 1760 mmisiri wina wa ku Berwickshire, dzina lace James Small, anapanga khasu lopepuka, lokhala ndi phiko lopindika limene ligadabuza dothi mosabvuta. Khasu limeneli linafuna akavalo awiri okha ndi munthu mmodzi, wogwira khasu ndi zingwe pamodzi. Komatu akavalo awiriwo anasenza nchito imene kale inagawidwa pa ng'ombe zambiri. Polima ekala imodzi ndi mizere ya mainchi 9 m'lifupi, munthu ndi akavalo ace ayenda mamailosi 11, ndipo imeneyo ndiyo inali nchito ya tsiku limodzi. Cotero panafunika kavalo wamphamvu, woyenda ndi mapazi otalikira, ndi wa ziboda zosatha msanga.

Pa nthawi yomweyo mzinda wa Glasgow unali kukula. Migodi ya malasha ya ku Lanarkshire inacuruka, zombo zinafika pa madooko a Clyde ndi akatundu a maiko akutari, ndipo zonsezi zinanyamulidwa pa magareta. Miseu inayamba kupangidwa ndi miyala, youma ndi yolimba, imene iononga msanga miyendo ya kavalo wofooka. Motero mlimi wokhala ndi kavalo wamkazi wabwino anapindula pawiri. Mai anakoka khasu, ndipo mwana wace wamwamuna, atafulidwa, anaphunzira nchito pa munda pang'ono pang'ono, nagulitsidwa ku mzinda pa msinkhu wa zaka 5 ndi mtengo wabwino. Alimi ambiri a kumeneko sanali eni nthaka. Analima minda ya eni dziko, nalipira caka ndi caka, ndipo mtengo wa kavalo mmodzi unathandiza ndithu kukwaniritsa malipirowo.

Kunena za ciyambi ca mtunduwu, mbiri imene alimi a m'cigwamo anasunga inena kuti pakati pa 1715 ndi 1720 mlimi wina, John Paterson wa ku Lochlyoch, anagula ku England kavalo wamphongo wakuda wa mtundu wa ku Flanders, dziko la akavalo akuru, nabwera naye kwao. Ana ace anaposa akavalo a m'dzikomo pa msinkhu ndi pa mphamvu. Patapita zaka, mwini dziko wamkuru wa m'cigwamo, Duke wa Hamilton wacisanu ndi cimodzi, anaitanitsa mphongo ina ya ku Flanders, nalola anthu olima pa nthaka yace kubwera ndi akavalo ao akazi osalipira kanthu. M'caka ca 1806 anabadwa kavalo wamkazi amene anachedwa ndi dzina la munda wa Lampits kumene anakhala. Mwana wace wamphongo, Glancer, anabereketsa ambiri, kotero kuti pafupifupi Clydesdale ali yense wa lero, potsata makolo ace, afika kwa mai ameneyo. Dzina la Clydesdale monga dzina la mtundu lipezeka lolembedwa koyamba m'caka ca 1826, pa cionetsero ca ku Glasgow.

Kwa iwo amene sanamuone, tinene maonekedwe ace. Kawiri kawiri akhala wofiirira, wa nkhope yoyera ndi miyendo yoyera, ndipo kuyambira pa maondo kutsika ali ndi ubweya wautari wosalala umene uphimba ziboda. A masiku ano atalika mainchi 64 kufikira 72 poyesa pamwamba pa mapewa, nalemera makilogalamu 800 kapena 900, ena kuposa. A m'zaka za m'ma 1800 anali ofupikirapo ndi ojincha. Poyenda atukula mapazi bwino, kotero kuti munthu woima kumbuyo aona kunsi kwa ciboda ciri conse.

Tsono bvuto la mlimi wamng'ono linali ili. Mphatso ya Duke inathandiza anthu a pa nthaka yace okha, ndipo inakhala pokhapo mwini wace anafuna. Kugula mphongo yosafula kunali kosatheka kwa ambiri, pakuti iri ya mtengo wapatari, idya kwambiri, ndipo ifuna munthu wodziwa woisamala, popeza ukali wace ukhoza kupha munthu. Amene aweta ng'ombe adziwa kuti nkhunzi imodzi ikwanira makola angapo, ndi kuti mwini ng'ombe ziwiri ayang'ana kwa mnansi wace. Koma pa akavalo kulakwa kuwawa koposa. Kavalo wamkazi akhala ndi bere miyezi 11, abala mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo sagwira nchito yeni yeni asanafike zaka zitatu. Mlimi amene apereka kavalo wace kwa mphongo yacabe adzazindikira tsoka lace patapita zaka zinai, atataya kale udzu, mbeu ndi thukuta lace pa mwana wopunduka amene palibe adzamgula. Ndipo amphongo acabe sanasowe. Anthu anayenda nao m'midzi, naitanira ndi mtengo wocepa, ndipo caka camawa sanaonekenso kuti ayankhe mlandu.

Maiko ena a ku Ulaya anathetsa bvutoli ndi dzanja la boma. Ku France, m'caka ca 1665, nduna ya mfumu Louis XIV, dzina lace Colbert, inakhazikitsa lamulo lakuti boma ligule amphongo abwino ndi kuwagawa m'zigawo za dziko. Ku Celle, m'dziko la Hanover, anakhazikitsa khola la boma m'caka ca 1735, kuti alimi apeze amphongo pa mtengo wocepa, ndipo caka ndi caka amphongowo anatumizidwa kukakhala kumidzi m'nyengo yobereketsa. Njira imeneyi inali ndi ubwino wace, koma wosankha kavalo anali kapitao wa boma, ndipo maso a boma kawiri kawiri anali pa akavalo a nkhondo. Ku Scotland masiku amenewo boma silinasungire alimi amphongo. Wosankha anali mlimi yemwe, amene adzagwira khasu kumbuyo kwa mwana wa kavaloyo.

Njira yao inali yotere. Alimi a dera limodzi anapangana, napanga bungwe, ali yense nasonkha ndalama pang'ono. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Nyengo ya cisanu iri pafupi kutha, analengeza tsiku la cionetsero, naitana eni amphongo kuti abwere nao pa bwalo la msika. Akuru osankhidwa anayang'ana kavalo ali yense, namyendetsa, namthamangitsa pang'ono, nanyamula mapazi ace kuona ziboda, namvetsera kupuma kwace. Wopambana analandira mphotho ya ndalama, mapaundi makumi angapo, ndipo m'zaka zapambuyo mphotho ya kavalo wochuka inafika mapaundi 100 kapena kuposa. Koma polandira mphothoyo mwini kavalo analowa m'pangano. Anabvomera kuti kavalo wace adzayenda m'dera lomwelo nyengo yonse osapita kwina, kuti adzakwera akavalo a anthu a bungwe pa mtengo wopanganika, ndi kuti sadzapitirira ciwerengero coikika, kawiri kawiri akavalo akazi 80 kapena 100, kuti mphamvu zace zisathe. Malembo osimba za mapangano otere alipo kuyambira caka ca 1837.

Taonani nzeru imene inali m'kalipiridwe kace. Ndalama inagawidwa pawiri: gawo loyamba mlimi analipira m'nyengo yokweretsa, gawo laciwiri pamene kwadziwika kuti kavalo wace watenga bere. Cotero phindu la mwini mphongo linamangika pa ana obadwa. Akapanda kumdyetsa bwino kavalo wace, kapena akamtopetsa ndi akazi ocuruka cifukwa ca umbombo, anataya yekha gawo laciwirilo, natayanso mbiri yace pamaso pa bungwe. Mlimi naye, kavalo wace akapanda kuima, sanataye zonse. Mphotho inamtsimikizira mwini mphongo kuti ulendo wace sudzakhala wacabe, ndipo pangano linawatsimikizira alimi kuti mphongo yabwino idzafika pa khomo pao ngakhale akhala kutari ndi mzinda.

Njanji zitafalikira m'dziko, kasankhidwe kanasintha. M'malo mwakuti dera liri lonse liitane amphongo kwao, mabungwe anayamba kutuma nthumwi zao ku cionetsero cacikuru ca amphongo ku Glasgow, cimene cinacitika m'mwezi wa February kapena March. Kumeneko amphongo ocuruka anaima pa bwalo limodzi, ndipo nthumwi zocokera kumpoto, kumwera, ndi ku England komwe zinapikisana pofuna abwinowo. Nchito ya nthumwi inali yolemera. Amuna atatu kapena anai anasankhira anansi ao onse, ndipo akasankha molakwa, kulakwa kwao kunayenda ndi miyendo inai m'minda ya dera lao zaka zambiri, pamaso pa anthu onse. Pambuyo pace panauka anthu osunga amphongo ambiri owabwereketsa, monga abale awiri Andrew ndi William Montgomery a ku Kirkcudbright, ndipo amphongo ochuka anayamba kupanganidwa caka cathunthu nyengo yao isanafike.

Nyengo ya ulendo inayamba kumapeto kwa April kapena kuciyambi kwa May, nitha m'mwezi wa July kapena August. Anasankha miyezi imeneyi kuti ana abadwe caka camawa msipu utaphuka. Njira ya kavalo inasindikizidwa pa timapepala, togawidwa m'misika ndi pa nyumba za osula: Lolemba pa munda wakuti, Laciwiri masana pa nyumba ya alendo yakuti, tsiku la msika m'mudzi wamkuru, Loweruka kubwerera kumene anayambira, kuti apumule tsiku la Sabata. Sabata lotsatira anatsata njira yomweyo. Kubwereza kumeneku kunali ndi cifukwa cace. Kavalo wamkazi amene sanaime afunanso mphongo patapita masiku ngati 21, ndiwo masabata atatu. Popeza mphongo inafika pa malo amodzi tsiku lomwelo la sabata liri lonse, mlimi anadziwa tsiku lobwera nayenso kavalo wace kudzamuyesa, osataya nthawi ya kumunda.

Tisaiwale munthu amene anayenda ndi kavaloyo. Ambiri a iwo anayenda pansi, atagwira cingwe ndi ndodo, mamailosi ambiri tsiku ndi tsiku, mvula ndi dzuwa, miyezi itatu yathunthu, nagona usiku uli wonse pa malo ena, kawiri kawiri pafupi ndi khola. M'mawa anampesa kavalo, naluka ubweya wa pakhosi ndi mcira ndi nsaru zokongola, kuti polowa m'mudzi anthu aturuke kudzaona. Anayenera kudziwa kudyetsa nyama ya nchito yolemetsa cotero kuti isaonde ndiponso isadwale ndi kukhuta, kuzindikira kavalo wamkazi amene nthawi yace yakwana, ndi kuchinjiriza mphongo yace, pakuti wamkazi wosafuna aponda ndi mphamvu yakuthyola mwendo. Analemba m'kabuku dzina la mlimi ali yense ndi tsiku lace, nalandira kandalama kace kapadera pa kavalo ali yense, kawiri kawiri 2s. 6d. Cuma cacikuru ca mbuye wace cinali m'manja mwace yekha, kutari ndi maso a mbuyeyo. Maina a akavalo analembedwa m'mabuku, koma a anthu amenewa ambiri anaiwalika.

Panalinso cinthu cina cimene cinakometsa njirayi. Mphongo ikakhala m'dera limodzi zaka zitatu kapena zinai, ana ace akazi afika msinkhu wobala, ndipo sikuyenera kuti atate akwere ana ace. Cotero bungwe linasintha mphongo, ndipo imene inacokayo inabwerekedwa ku dera lina. Mwa kusinthana kumeneku mwazi wabwino unayenda m'Scotland monse ndi kumpoto kwa England, ndipo akavalo a m'madera osiyana anayamba kufanana, kufikira anakhala mtundu umodzi. M'caka ca 1877 oweta anapanga bungwe lalikuru la mtunduwu, Clydesdale Horse Society, nayamba kusindikiza buku la mibadwo, momwe kavalo ali yense alembedwa ndi nambala yace, atate wace ndi mai wace. Ku England, bungwe la akavalo a mtundu wa Suffolk linayamba caka comweco, ndi la mtundu wa Shire m'caka ca 1878. Kuyambira pamenepo nthumwi posankha zinayang'ana kavalo ndi makolo ace omwe, monga akuru anena, make mbuu, mwana mbuu.

Buku la mibadwo linatsegula msika wa maiko akutari. Alimi a ku Canada, America, Australia, New Zealand ndi South America, amene anali kuswa mphanje m'minda yaikuru, anafuna akavalo okhala ndi kalata yosimba makolo ao. Pakati pa 1884 ndi 1945 bungwe lija linapereka makalata 20,183 a akavalo oturuka m'dziko, ndipo m'caka ca 1911 cokha anaturuka 1,617. Ndalama zambiri zinalowa m'nchitoyi, ndipo pamodzi ndi ndalamazo munalowa zinthu zimene oyamba aja sanaziganizire.

Mbiri ya banja limodzi la akavalo ionetsa bwino cimene tinena. Darnley, wobadwa m'caka ca 1872, anabala Top Gallant; Top Gallant anabala Sir Everard; Sir Everard anabala Baron's Pride m'caka ca 1890; ndipo Baron's Pride anabala Baron of Buchlyvie m'caka ca 1900. Pa kavalo womarizayu panauka mlandu pakati pa oweta awiri ochuka a ku Ayrshire, James Kilpatrick wa ku Craigie Mains ndi William Dunlop wa ku Dunure Mains. Wina anati kavalo ngwa onse awiri, wina anati anagula kale gawo la mnzace. Mlandu unakwera bwalo ndi bwalo kufikira ku House of Lords ku London, ndipo unagamulidwa kuti kavalo ngwa onse awiri. Popeza kavalo sagawika, anamgulitsa poyera ku Ayr m'mwezi wa December 1911, pamaso pa khamu lalikuru, ndipo Dunlop anamtenga ndi mapaundi 9,500. Masiku amenewo munthu wolima ndi akavalo pa munda wa mwini sanali kufika mapaundi 60 pa caka. Akadagwira nchito zaka zoposa 150 kuti apeze mtengo wa nyama imodziyo. M'caka ca 1914 kavalo wamkazi anamponda Baron, namthyola mwendo, ndipo anaphedwa. Pambuyo pace mafupa ace anafukulidwa, naikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya Kelvingrove ku Glasgow.

Mwana wace, Dunure Footprint, wobadwa m'caka ca 1908, anachuka koposa atate wace. Atachuka, iye sanayende m'miseu kufuna alimi. Akavalo akazi ndiwo anadza kwa iye pa njanji kucokera kutari, ndipo pa nthawi ya kuchuka kwace malipiro a wamkazi mmodzi anaposa mapaundi 100. Mlimi wamba sakadafika pamenepo. Koma ana ndi adzukulu a Footprint ndiwo anadzaza zionetsero, ndipo mabungwe a m'madera onse anafuna iwo omwe. Cotero njira yomwe ija imene inafalitsa mwazi wabwino inayamba kufalitsa mwazi umodzi wokha. Dera likasintha mphongo, yatsopanoyo inali mbale wa yakaleyo. Mabanja ena a akavalo, amene analibe dzina lomveka, anacepa nazimirira, ndipo cuma cimene cinali m'mwazi wao sicinabwerenso.

Kasankhidwe nakonso kanapotoka. Oweruza a pa zionetsero anaika mtima pa miyendo, pa kukongola kwa ubweya wa kumapazi, ndi pa mayendedwe, ndipo oweta anatsata cimene cipambana mphotho. Alimi ena ndi ogula a m'mizinda anadandaula kuti kavalo akutalika miyendo nacepa thupi, pamene iwo anafuna cifuwa cacikuru ndi kulemera kokokera katundu. Panalinso nthenda zobisika zimene zitsata mwazi, monga kupuma kwa phokoso kocokera pa mmero, kuuma kwa minofu ya m'mbali mwa ciboda kufikira isanduka pfupa, ng'ala ya m'maso, ndi kunjenjemera kwa miyendo ya m'mbuyo. Kavalo wonenepa ndi wopesedwa bwino anakhoza kubisa zimenezi tsiku la cionetsero. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Mabungwe ambiri anayamba kufuna kalata ya dotolo wa ziweto asanapangane, koma amphongo okanidwawo anayendabe m'midzi pa mtengo wocepa. Pomariza Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inaika lamulo m'caka ca 1918, lochedwa Horse Breeding Act, loletsa kuyenda ndi mphongo yobereketsa yopanda cilolezo ca boma, ndipo cilolezoco cinaperekedwa dotolo atampima kavalo. Alimi anakhalabe osankha, koma boma linawacotsera odwala pa mseu.

Lamulo limeneli linadza dzuwa litapendeka. Nkhondo ya 1914 kufikira 1918 inatenga akavalo ambiri a m'minda ndi m'mizinda, ndipo ambiri sanabwerere. Magalimoto a katundu anayamba kulanda nchito ya m'miseu, ndipo thirakitala ya Fordson inaturuka m'caka ca 1917. Komabe m'minda ya ku Scotland kavalo analimbika kufikira nkhondo yaciwiri. Cimene cinatsiriza ndico thirakitala yaing'ono yotuwa ya Harry Ferguson, imene inayamba kupangidwa ku Coventry m'caka ca 1946. M'zaka 10 anapanga zoposa 500,000. Inali yopepuka, ya mtengo wofikirika kwa mlimi wamng'ono, ndipo siinafune cakudya tsiku losagwira nchito. Anyamata sanafunenso kudzuka usiku kudyetsa akavalo. Ku England amphongo a Clydesdale obereketsa anali oposa 200 m'caka ca 1946, koma m'caka ca 1949 anatsala 80. Akavalo abwino ambiri, amphamvu zao zonse, anagulitsidwa kwa opha nyama. Mabungwe a m'madera anatha limodzi limodzi, popeza panalibenso akavalo akazi okwanira kulipira mphotho, ndipo mphongo yobvala nsaru zokongola inaleka kuoneka pa miseu.

M'caka ca 1975 bungwe losamala mitundu ya ziweto yosowa ku Britain, Rare Breeds Survival Trust, linaika Clydesdale pakati pa mitundu imene iri pangozi yakutha. Mtunduwu unapulumuka cifukwa ca mabanja owerengeka amene anapitiriza kuweta ngakhale panalibe phindu, ndiponso cifukwa ca adzukulu a akavalo aja anatumizidwa ku maiko akutari. Lero Clydesdale aoneka pa zionetsero, pa mipikisano ya kulima, pa maukwati ndi zikondwerero, ndi m'nkhalango zina kumene akoka mitengo pa malo obvuta makina. Mphongo siyendanso pansi. Ipita pa galimoto, kapena mbeu yace itumizidwa yozizira, ngakhale kutsidya la nyanja. Pafupi ndi Falkirk paima mitu iwiri ya akavalo yacitsulo, yotalika mamita 30, yochedwa The Kelpies, imene mmisiri Andy Scott anapanga potengera akavalo awiri a mtundu umenewu, ndipo inatsegulidwa m'caka ca 2014.

Alendo amene aima pansi pa mitu imeneyo azizwa ndi ukuru wa kavalo. Ife, titawerenga mbiri yace, tizizwa koposa ndi pangano lija la alimi. Linagwira bwino nchito pamene wosankha mphongo anali yemwe adzalima ndi ana ace, pamene mwini mphongo analandira malipiro ace onse bere litaoneka, ndi pamene mwazi unasinthidwa nthawi isanapitirire. Pamene kusankha kunapita m'manja mwa oweruza a pa bwalo ndi ogula akutari, mtengo unakwera, koma mwazi unacepa. Oweta a lero, amene atsala ndi akavalo ocepa ndi apacibale, abwerera ku funso lomwe linabvuta makolo ao m'caka ca 1837: mphongo iti, kwa akazi ati, ndi kwa zaka zingati. Ali yense wakuweta, kaya akavalo, kaya ng'ombe, kaya mbuzi, adzakomana nalo funso limeneli pa khola lace, ndipo yankho lace lidzaoneka patapita zaka, pamene ana a ziwetozo adzakula.